Mmene mungayesere zatsopano za mu IBM i musanaziike pa seva ya kampani

Nthawi iliyonse IBM ikalengeza mtundu watsopano wa IBM i, funso limene ndimalandira ndi lomwelo: "Kodi zatsopanozi zili ndi phindu kwa ife, ndipo tikweze liti?" Ofunsawo amakhala atawerenga chilengezo, atasangalala ndi zinthu ziwiri kapena zitatu, ndipo amafuna yankho la mawu amodzi. Yankho lotero ndilibe, chifukwa limadalira mapulogalamu amene ali pa seva yanu, amene ine sindinawaonepo. Chimene ndili nacho ndi ndondomeko imene ndimatsata, ndipo ndaona kuti kuli bwino ndiilembe kamodzi kuti wofunsa aliyense ndizimulozera pano.

Tiyambe tamvana pa mawu. IBM i ndi dongosolo loyendetsera seva za Power, ndipo ambiri akulitchulabe kuti AS/400, dzina la makina amene adatuluka mu 1988. Dongosololi lidali OS/400, kenako i5/OS kuyambira 2004, ndipo dzina la IBM i lidabwera mu 2008. Zatsopano zimafika m'njira zitatu zimene anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi mtundu watsopano wathunthu, monga 7.3 wa mu 2016, 7.4 wa mu 2019, 7.5 wa mu 2022 ndi 7.6 wa mu 2025. Uwu umalowa m'malo mwa dongosolo lonse. Yachiwiri ndi Technology Refresh, imene anthu amangoti TR, yomwe idayamba ndi 7.1 ndipo imabwera pafupifupi kawiri pachaka, kuwonjezera zinthu pa mtundu umene muli nawo kale. Yachitatu ndi PTF, kachigamba kokonza kapena kowonjezera chinthu chimodzi, ndipo ma PTF ambiri amabwera m'magulu. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi ya mtundu wathunthu, koma masitepe ake ambiri amagwiranso ntchito pa TR.

1. Dziwani pamene mwaima.

Musanawerenge za mtundu watsopano, lembani papepala limodzi mtundu umene muli nawo, mulingo wa magulu a ma PTF, m'badwo wa purosesa, ndi mapulogalamu onse a laisensi amene adaikidwa. Lamulo la WRKPTFGRP likuonetsani magulu, ndipo GO LICPGM ikuonetsani mapulogalamu. Ngati mumakonda SQL, chilankhulo chofunsira deta, QSYS2.GROUP_PTF_INFO ikupatsani zomwezo, pamene SYSTOOLS.GROUP_PTF_CURRENCY imayerekeza zanu ndi zimene IBM yatulutsa posachedwa, malinga ngati seva ikutha kufika pa intaneti.

Sitepe iyi imapulumutsa anthu ambiri ku ntchito yosafunikira. Zinthu zambiri za Db2 (nkhokwe ya deta ya IBM i) ndi RPG (chilankhulo cholembera mapulogalamu) zimene zimalengezedwa ngati zatsopano zimaperekedwanso ku mtundu wam'mbuyo kudzera m'gulu la ma PTF, monga SF99704 la Db2 pa 7.4 kapena SF99950 pa 7.5. Mwina chinthu chimene mukufuna kukwezera seva yonse chikukudikirani m'gulu limene simunaliike kwa zaka ziwiri. Sitepe yomweyi imathanso kukuimitsani msanga. Mtundu wa 7.5 sugwira pa Power8, ndipo 7.6 sugwira pa Power9. Ngati makina anu ndi akale, nkhani yanu ndi yogula makina, osati yoyesa dongosolo. Kumbukiraninso kuti kukweza mwachindunji kumaloledwa kuchokera ku mitundu iwiri yam'mbuyo yokha, kotero amene ali pa 7.3 atha kufika pa 7.5 paulendo umodzi, koma osati pa 7.6.

Pomaliza, funsani onse amene adakugulitsani mapulogalamu ngati mitundu yawo imene muli nayo ndi yovomerezeka pa dongosolo latsopano, ndipo yankho libwere lolembedwa. Mapulogalamu okopera deta ku seva ina, achitetezo ndi oyang'anira ntchito ndi amene amakhudza kwambiri mkati mwa dongosolo, choncho yambani ndi amenewo.

2. Werengani Memo to Users musanabwerere ku chilengezo.

Chilengezo chimanena zimene mungapindule. Chikalata cha Memo to Users, chimene IBM imatulutsa ndi mtundu uliwonse, chimanena zimene zisinthe kaya mufune kaya musafune. Chachiwirichi ndicho chofunika koposa, koma ndi chimene anthu sachiwerenga, chifukwa ndi chachitali ndiponso chouma. Ngati mukudumpha mtundu umodzi, werengani zikalata zonse ziwiri, popeza zosintha za mtundu umene mwaudumpha zikugweraninso.

Pamene mukuwerenga, gawani pepala pakati. Kumanzere lembani zinthu zimene zimasintha zokha seva ikangokwezedwa. Kumanja lembani zimene sizichita kanthu kufikira inu mutaziyatsa. Magulu awiriwa amayesedwa mosiyana, ndipo kuwasakaniza ndi kumene kumabala chisokonezo chochuluka pa ntchito imeneyi.

Chitsanzo chabwino cha gulu la kumanzere ndi mtengo wa dongosolo (system value, chosankha chimene chimalamulira khalidwe la seva yonse) wotchedwa QSSLPCL, umene umanena mitundu yololedwa ya TLS, njira yobisira deta imene ikudutsa pa netiweki. Pa seva zambiri umakhala pa *OPSYS, kutanthauza kuti dongosolo lizisankha lokha. Mukakweza, mawu a *OPSYS amakhala omwewo pa sikirini, koma tanthauzo lake limasintha: pa 7.4 amatanthauza TLS 1.3 ndi TLS 1.2 basi, ndipo TLS 1.0 ndi 1.1 zimatsekedwa. Woyang'anira seva amayerekeza mitengo ya dongosolo yakale ndi yatsopano, amaona kuti palibe chasintha, koma m'mawa mwake kachipangizo kakale kowerengera katundu m'nyumba yosungiramo zinthu kakukana kulumikizana. Chakudza sichiimba ng'oma. Chitsanzo china ndi cha 7.5, pamene lamulo la CRTUSRPRF lidasiya kupatsa munthu watsopano mawu achinsinsi ofanana ndi dzina lake, n'kuyamba kumusiya wopanda mawu achinsinsi. Kusinthaku n'kwabwino, koma ngati muli ndi pulogalamu ya CL (chilankhulo cha malamulo a dongosolo) imene imapanga maina a antchito atsopano modalira khalidwe lakale, antchitowo sadzatha kulowa. Amene adakwera kupita ku 7.2 akukumbukiranso kuti mafunso a OPNQRYF ndi Query/400, amene kale ankayendetsedwa ndi CQE, injini yakale yoyankha mafunso a deta, adayamba kudutsa mu injini yatsopano ya SQE popanda aliyense kusintha mzere ngakhale umodzi wa pulogalamu.

Pagulu lomweli onjezani zinthu zimene inu eni mudasintha m'dongosolo. Ngati wina adagwiritsapo ntchito CHGCMDDFT kusintha khalidwe la malamulo a mu QSYS, laibulale yaikulu ya dongosolo, zosinthazo zimafafanizika pokweza, chifukwa malamulowo amalowedwa m'malo ndi atsopano. Kawirikawiri amene adasinthayo adachoka kalekale ndipo sadalembe paliponse.

3. Chatsopano chilichonse chikhale ndi vuto limene chikuthetsa.

Bwererani ku gulu la kumanja. Pafupi ndi chinthu chilichonse lembani vuto lenileni la kampani limene chingathetse, dzina la udindo wa munthu amene vutolo limamuvutitsa, ndi chimene mudzaona ngati chathetsadi. "Kulimbitsa chitetezo" si vuto loyeseka. "Ofufuza mabuku adatidzudzula kuti antchito onse a mu ofesi ya malipiro amaona manambala a ku banki a anzawo" ndi vuto loyeseka. Zimene zatsala zopanda vuto pafupi nazo zichotseni pa mndandanda wa chaka chino. Pa mndandanda wa zinthu makumi angapo, nthawi zambiri zimatsala zitatu kapena zinayi, ndipo zimenezo n'zokwanira.

4. Jambulani mmene seva ikuyendera lero.

Simungadziwe kuti chinthu chachedwa ngati simudalembe liwiro lake chisanasinthe. Onetsetsani kuti Collection Services, imene imasonkhanitsa ziwerengero za kayendedwe ka seva, ikuyenda ndipo deta yake ikusungidwa kwa mwezi wathunthu, kuphatikizapo masiku otseka mabuku. Lembani nthawi imene ntchito zikuluzikulu zausiku zimayamba ndi kutha. Kenako tengani chithunzi cha plan cache. Plan cache ndi malo amene SQE imasungiramo njira zimene idasankha poyankha funso lililonse la SQL: index (mlozera wopezera mizere msanga) imene idagwiritsa ntchito, tebulo limene idayambira, ndi nthawi imene funsolo lidatenga. Zonsezi zimafafanizika pa IPL, ndiye kuti seva ikazimitsidwa ndi kuyatsidwanso, kotero mukakweza musanajambule, umboni wa mmene zinthu zinkayendera wapita. Chithunzichi mutha kuchitenga kudzera mu SQL Performance Center ya mu ACS (Access Client Solutions, pulogalamu ya pa kompyuta yolumikizira ku IBM i), kapena poitana QSYS2.DUMP_PLAN_CACHE. Tengani chimodzi pakati pa mwezi ndi china ntchito yotseka mwezi ikangotha.

5. Mangani chigawo choyesera, ndipo mutseke makomo ake musanachiyatse.

Seva ya Power imagawidwa m'zigawo zotchedwa LPAR, chilichonse chokhala ndi dongosolo lakelake. Chigawo choyesera chikhale kope lathunthu la seva yogwirira ntchito, osati laibulale imodzi ya deta yopeka. Mutha kuchipanga pobwezeretsa tepi ya GO SAVE option 21, imene imasunga dongosolo lonse, kapena pokopera madisiki ndi FlashCopy ngati muli ndi zosungira deta zakunja, kapena pobwereka chigawo pa Power Virtual Server kwa milungu yochepa. Njira ya tepi ndi yochedwa, koma ine ndimaikonda, chifukwa imatsimikiziranso kuti tepi yanu imabwezeretsekadi, chinthu chimene makampani ambiri amangochikhulupirira.

Apa pali ngozi imene ndidaiona ndi maso anga. Kope lathunthu limakhulupirira kuti ndilo seva yeniyeni. Lili ndi adiresi ya IP yomweyo, pulogalamu yoyambira yomweyo imene imatchulidwa mu QSTRUPPGM, ndi ndandanda yomweyo ya ntchito mu WRKJOBSCDE. Pa kampani ina imene ndidathandizapo, chigawo choyesera chidayatsidwa madzulo chili cholumikizidwa ku netiweki, adiresi yokha ndi imene adasintha. Usiku ndandanda idachita zimene idauzidwa: idatumiza makalata okumbutsa ngongole kwa makasitomala, pogwiritsa ntchito deta ya milungu itatu yapitayo. M'mawa mafoni adayamba kulira, ndipo ambiri mwa oimbawo adali anthu amene adalipira kale. Mwayi wake, fayilo ya malipiro yopita ku banki idakanidwa chifukwa adiresi yotumizira idali yachilendo.

Choncho IPL yoyamba ichitike pamanja, kudzera pa console, seva ili yosalumikizidwa ku netiweki, ndipo iyambire mu restricted state, pamene palibe subsystem ina yoyenda kupatula yolamulira. Muli mmenemo, sinthani QSTRUPPGM, imitsani zonse za mu ndandanda ya ntchito, sinthani dzina la dongosolo ndi maadiresi, tsekani kutumiza maimelo, ndipo fufuzani malo onse amene seva imalumikizana ndi zakunja: FTP, ma journal (kaundula wa zosintha za deta) akutali, mafayilo a DDM, maprinta ndi mizere ya MQ. Pokhapo muilumikize ku netiweki yakeyake yotchingidwa. Pemphaninso makiyi a laisensi akanthawi kwa ogulitsa mapulogalamu, chifukwa makiyi ambiri amamangidwa ku nambala ya makina ndi ya chigawo. Mapulogalamu a IBM ofuna kiyi amakupatsani masiku 70 musanaike kiyiyo, koma ogulitsa ena sapereka ngakhale tsiku limodzi. Ndipo popeza deta ili m'chigawochi ndi yeniyeni, chitetezo chake chikhale chofanana ndi cha seva yogwirira ntchito.

6. Yesani kawiri pa chigawo chomwecho: musanakweze, ndiponso mutakweza, osayatsa chatsopano chilichonse.

Iyi ndiyo sitepe imene malangizo ambiri amaidumpha, ndipo ndi imene imatenga nthawi yochuluka. Chizolowezi n'chakuti anthu amakweza chigawo choyesera tsiku lomwelo, amayendetsa ntchito yausiku, n'kuyerekeza nthawi yake ndi ya seva yogwirira ntchito. Kuyerekeza kumeneko kulibe tanthauzo. Chigawo choyesera chimakhala ndi purosesa yochepa, memory yochepa, mwinanso madisiki ena, ndipo palibe anthu mazana ogwira ntchito pa icho. Ntchito ikachedwa, simudziwa ngati yachedwa chifukwa cha dongosolo latsopano kapena chifukwa cha kuchepa kwa chigawocho. Ikafulumira, simudziwanso chaifulumizitsa.

Njira yoyenera ndi iyi. Chigawo chikadali pa mtundu wakale, sungani malaibulale a deta monga alili, kuti mukhale ndi poyambira pamodzi. Yendetsani ntchito yonse yotseka tsiku ndi yotseka mwezi, m'ndondomeko yake yeniyeni, ndipo musunge zonse zotuluka: malipoti, mafayilo opita kunja, ziwerengero za mizere m'matebulo akuluakulu, ma joblog, nthawi ya ntchito iliyonse ndi chithunzi cha plan cache. Mukatha, bwezeretsani detayo pa poyambira paja, kwezani dongosolo, ikani ma PTF onse atsopano a mtunduwo, ndiye muyendetsenso ntchito yomweyo. Tsopano chinthu chokhacho chimene chasintha ndi dongosolo, ndipo kusiyana kulikonse kumene mupeze kuli ndi mwini wake. Musasinthe purosesa kapena memory ya chigawocho pakati pa maulendo awiriwa, ngakhale wina atakupemphani bwanji. Ngati ntchito yotseka mwezi imadalira tsiku la pa seva, likonzeni mofanana maulendo onse awiri, ndipo muonetsetse kuti makiyi akanthawi aja satha mphamvu chifukwa cha tsikulo.

Pokweza penipenipo, gwirani wotchi. Lembani nthawi imene kusunga zonse kwatenga, nthawi yoika dongosolo, yoika mapulogalamu a laisensi, yoika ma PTF, ndi ya IPL iliyonse. Manambala amenewa ndi amene adzakuuzeni ngati ntchitoyi ingakwanire usiku umodzi kapena ifuna mapeto a sabata onse, ndipo akuluakulu a kampani amafunsa zimenezi asanafunse china chilichonse.

Ulendo woyamba mutakweza musaukhulupirire pa nkhani ya liwiro. Plan cache imakhala yopanda kanthu, ndipo njira zimene zidasungidwa mkati mwa mapulogalamu ndi ma package a SQL zimamangidwanso pamene funso lililonse likuyenda koyamba. Ma index akanthawi amene SQE idadzipangira yokha nawonso adapita ndi IPL. Ntchito imene imatenga ola limodzi ikhoza kutenga nthawi yotalikirapo usiku woyamba, n'kubwerera mwakale usiku wachiwiri. Choncho bwezeretsani deta ndi kuyendetsanso kachiwiri, ngakhale kachitatu, popanda IPL pakati. Nambala ya ulendo woyamba isungeni, chifukwa ikukuchenjezani za mmene Lolemba loyamba lidzakhalire; koma chigamulo cha liwiro chichokere pa maulendo otsatirawo. Kuti chilungamo chioneke, mtundu wakale nawonso uyesedwe motero, popeza pa chigawo chongobwezeretsedwa kumene plan cache yake imayambiranso yopanda kanthu.

Poyerekeza, yambani ndi kulondola kwa zotuluka, liwiro libwere pambuyo. Lamulo la CMPPFM limathandiza kuyerekeza mafayilo awiri, ndipo malipoti mutha kuwakopera m'mafayilo kaye kuti muwayerekeze chimodzimodzi. Kusiyana kumene kumaoneka kawirikawiri ndi kwa dongosolo la mizere. Funso la SQL lopanda ORDER BY silimalonjeza kuti mizere ibwera motsatana mwanjira inayake, koma kwa zaka zambiri limatha kubweretsa mizere mofanana chifukwa choti optimizer, mbali ya SQE yosankha njira yoyankhira funso, inkasankha index imodzimodzi. Optimizer yatsopano ikasankha njira ina, mizere imabwera mosinthana. Pa lipoti wamba zimenezi n'zongosautsa maso. Koma pa pulogalamu imene imatenga mzere woyamba n'kuutenga ngati mtengo waposachedwa wa katundu, zotsatira zake ndi ma invoice olakwika, ndipo palibe uthenga wa vuto umene ungatuluke. Cholakwacho ndi cha pulogalamu yanu, osati cha IBM, ndipo mankhwala ake ndi kuika ORDER BY, osati kuimitsa kukweza.

Mukafika pa liwiro, musayang'ane chiwerengero chapakati cha seva yonse, chifukwa chimabisa zambiri. Mafunso ochuluka atha kufulumira pang'ono pamene limodzi lachedwa kwambiri, ndipo limodzilo nthawi zina ndi limene lili pakati pa ntchito yotseka mwezi. Tsegulani zithunzi ziwiri za plan cache mu ACS, sanjani mafunso potengera nthawi yonse imene adatenga, ndipo muyerekeze makumi awiri apamwamba mbali zonse. Pa funso lililonse limene lasintha kwambiri, tsegulani Visual Explain ya kale ndi ya tsopano, muone pamene njira idapatukira. Nthawi zambiri mudzapeza kuti panali index yosowa kuyambira kale, imene dongosolo lakale linkailambalala mwamwayi. Index advisor ikupatsani malingaliro, koma musapange index iliyonse imene yatchula. Pangani imene ikugwirizana ndi funso limene mukulifufuza, ndiye muyesenso.

Pomaliza, itanani anthu ogwira ntchito, osati a IT okha, kuti achite ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku pa chigawocho: kulowa, kusindikiza, kutsitsa deta ku Excel, kulumikiza kudzera pa ODBC kuchokera pa kompyuta yakale imene aliyense adaiiwala. Apa ndi pamene nkhani ya TLS ija imatulukira.

7. Tsopano yatsani zatsopano, chimodzi chimodzi.

Pokhapokha mtundu watsopano utatsimikizika kuti ukuchita ntchito yakale molondola ndi pamene muyenera kugwira gulu la kumanja. Yatsani chimodzi, yendetsani ntchito imene chikuikhudza, lembani, ndiye mupite ku china. Pa chilichonse, funso lalikulu likhale la mmene chikukhalira ndi mapulogalamu akale a RPG ndi COBOL amene amawerenga mafayilo mwachindunji, popeza zitsanzo za m'mabuku pafupifupi zonse ndi za SQL.

Tengani RCAC, imene idabwera ndi 7.2 ndipo imafuna option 47 ya dongosolo. Imakulolani kubisa mizere ina kwa anthu ena, kapena kuphimba mbali ya nambala kuti munthu aone manambala anayi omaliza okha. Imagwira pa njira zonse zofikira deta, ngakhale kwa munthu amene ali ndi *ALLOBJ, ulamuliro wofikira chilichonse pa seva, ndipo mphamvu yake ili pamenepo. Ngozi yake ilinso pomwepo. Mukayatsa kubisa mizere musanalembe chilolezo chilichonse, tebulo limaoneka lopanda kanthu kwa aliyense. Pulogalamu yakale imene imawerenga rekodi yonse, kusintha adiresi yokha, n'kulembanso rekodi yonse, ikhoza kulemba nambala yophimbidwa ija pamwamba pa nambala yeniyeni ngati simunaike chotchinga. CPYF, yokopera fayilo, ikayendetsedwa ndi munthu wosaloledwa kuona zonse imakopera mizere imene iye akuiona yokha, popanda kudandaula. Yesani zitatu zonsezi mwadala, ndi dzina la wantchito wamba komanso ndi dzina limene ntchito zausiku zimagwiritsa ntchito.

Matebulo osunga mbiri, a temporal, adabwera ndi 7.3, ndipo amasunga kope la mzere uliwonse usanasinthidwe kapena kufufutidwa. Kuti agwire ntchito pamafunika journal ndi makolamu atsopano a nthawi. Kuwonjezera makolamu kumasintha chizindikiro cha maonekedwe a rekodi, ndipo pulogalamu yakale ikatsegula fayiloyo imagwa ndi uthenga wa CPF4131 kufikira itamangidwanso kapena italozedwa ku fayilo ya logical yokhala ndi maonekedwe akale. Yesaninso malamulo amene ntchito zanu zausiku zimayendetsa pa fayiloyo, monga CLRPFM (lofafaniza mizere yonse) ndi RGZPFM (losanjanso fayilo), ndipo muwerenge kukula kwa tebulo la mbiri pambuyo pa ntchito yotseka mwezi imodzi. Pulogalamu imene imalembanso mizere yonse usiku uliwonse, ngakhale imene sinasinthe, idzadzaza disiki mofulumira kuposa mmene mumaganizira.

Mulingo wa 4 wa QPWDLVL, wa mu 7.5, umasunga mawu achinsinsi mwanjira yolimba kwambiri, koma mapulogalamu olumikizira akale satha kulowa nawo. Musanasinthe, yendetsani PRTUSRPRF TYPE(*PWDLVL) kuti muone maina amene alibe mawu achinsinsi oyenera mulingo umenewo, ndipo muyese chida chilichonse cholumikizira. Kutsimikizira munthu ndi nambala yosinthasintha ya pa foni, kumene 7.6 idabweretsa mkati mwa dongosolo, kumafunanso kusamala komweko, makamaka pa maina amene si a anthu koma a mapulogalamu olowa okha. Db2 Mirror ya mu 7.4, imene imasunga deta yofanana pa seva ziwiri nthawi imodzi, ndi nkhani ina yaikulu: ndi pulogalamu ya laisensi yakeyake, imafuna seva ziwiri zoyandikana zolumikizidwa ndi netiweki yothamanga kwambiri ya RoCE, ndipo imateteza ku kuima kwa seva imodzi, osati ku ngozi yogwera malo onse. Iyeseni ngati polojekiti yapayokha, dongosolo litakhazikika kale.

Olemba mapulogalamu achenjezedwe za TGTRLS, chosankha chimene chimanena mtundu wa dongosolo umene pulogalamu ikumangidwira. Pulogalamu yomangidwa pa mtundu watsopano ndi *CURRENT siingabwezeretsedwe pa seva ya mtundu wakale. Ngati chigawo cha olemba mapulogalamu chidzakwezedwa miyezi ingapo seva yogwirira ntchito isanakwezedwe, zida zanu zomangira ndi zotumizira mapulogalamu zisinthidwe kuti zizitchula mtundu wakalewo, ndipo zatsopano za chilankhulo zimene mtundu wakale ulibe zidikire.

8. Yesani njira yobwerera.

Mtundu wathunthu ulibe lamulo loufafanizira. Mukakweza n'kufuna kubwerera, njira ndi kuika dongosolo lakale kuyambira pachiyambi ndi kubwezeretsa zonse kuchokera pa tepi, kapena kuyatsa seva kuchokera pa kope la madisiki limene mudatenga musanayambe. Zonse zimene antchito adalemba kuyambira nthawi yokweza zimatayika, pokhapokha mutakonzeratu njira yozipulumutsira. Ma PTF ali ndi chifundo pang'ono: oikidwa mwakanthawi amachotseka ndi RMVPTF, ndipo a Licensed Internal Code, maziko a pansi pa dongosolo, mutha kuwalambalala poyatsa seva kuchokera ku mbali A m'malo mwa mbali B. Koma oikidwa kokhazikika sachotseka, ndipo PTF ya TR nthawi zambiri imakhazikitsidwa pamene ma PTF ena akuifuna ngati maziko.

Pa chigawo choyesera, bwererani kamodzi ndithu, wotchi ili m'manja. Mukadziwa kuti kubwerera kumatenga maola angati, mutha kuwerengera ola lenileni la usiku wokweza limene chigamulo chopitirira kapena chobwerera chiyenera kuperekedwa, kuti seva ikhale itayaka antchito asanafike. Lembani olalo, ndiponso udindo wa munthu amene adzagamule.

9. Lembani chigamulo pa tsamba limodzi.

Tsambalo likhale ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi zimene zidasweka pa sitepe 6, chilichonse ndi mankhwala ake ndi amene akuchikonza. Yachiwiri ndi zatsopano zimene mudayesa pa sitepe 7, chilichonse ndi mawu amodzi mwa atatu: tiyatse, tidikire, kapena ayi, pamodzi ndi chifukwa. Yachitatu ndi maola okwezera ndi maola obwerera. Onjezani tsiku limene IBM idzasiye kuthandiza mtundu umene muli nawo, chifukwa tsikulo limasintha kulemera kwa zonse. Amene adakhalabe pa 7.3 kupitirira 30 September 2023 adayenera kulipira chithandizo chowonjezera kapena kukhala opanda chithandizo. Pa seva yogwirira ntchito tsatani ndondomeko yomwe mudatsata poyesa: kwezani kaye osayatsa kanthu, dikirani kufikira mabuku a mwezi umodzi atatsekedwa bwino pa mtundu watsopano, ndiye muyambe ndi chinthu choyamba pa mndandanda wa zoti ziyatsidwe. Chigawo choyesera musachifafanize mwezi umenewo usanathe, chifukwa funso loyamba likabwera kuchokera ku ofesi ya ndalama, ndi pamenepo pamene mudzakayendetserenso ntchitoyo kuti muone chimene chasiyana.